Pulani ya Malemu Che Haruna

Maondo anga anakana maulendo kalekale. Ngakhale kwathu ku Utale, kumene kuli manda a makolo anga, ndimapitako pokhapokha kukagwa maliro oti ndikapanda kuoneka anthu andinena. Ndiye a Lukiya atandipeza m'mawa wina ndikusesa pakhomo n'kunena kuti ndiwaperekeze kunyanja ya Chiuta, ndinayamba ndaponya kaye tsache pansi.

"Ku Chiuta? Kukatani, anzanga? Nsomba zatha pamsika?"

"Ndikukatenga pepala la bambo a Fauziya," anatero.

A Lukiya ndi mnzanga wa pageti. Zaka zambiri tinkagulitsa limodzi pa geti la fakitale ya thonje kuno ku Balaka, iwo thobwa m'chidebe, ine mandasi ndi chinangwa chophika. Ine ndine Mkatolika, iwo ndi Msilamu, koma dzuwa la pageti silinkafunsa za mpingo, linkatiwotcha tonse. Amuna awo, Che Haruna, bambo a Fauziyawo, ankagwira ntchito m'katimo, m'mwamba mwenimweni, pamene mapaipi ankakhuthulira thonje m'makina ochotsa njere. Fakitale itatsekedwa ife ogulitsa tinabalalika, ndipo Che Haruna anatsala ndi chifuwa chimene fumbi la thonje linawasiyira. Anakhosomola zaka zingapo, chaka chatha n'kutisiya.

Pepala limene a Lukiya ankanena ndinkalidziwa bwino, ndipo sindinkalikonda. Che Haruna anajambula fakitale yonse ndi khala la pambaula, kumbuyo kwa kalendala yaikulu, n'kuipachika pakhoma pabalaza pawo. Koma kujambula kwake! Madenga anali okwerana okwerana ngati mano a sowo. Chumuni chinali chopendekeka. Thanki ya madzi inali chabe chozungulira chakuda chokhala pa timiyendo, makoma ena otalika kuposa anzake, mapaipi okhotera kulikonse. Munthu munalibe ngakhale mmodzi, mbuzi kapena mbalame ayi. Tsiku lina ndinawafunsa mwamuna wa mnzangayo ngati chivomezi chinadutsa pafakitale ife osamva. Anangomwetulira n'kupitiriza kumwa tiyi. Anali munthu wotero, mawu ankawasunga ngati mbewu.

Kusowa kwa anthu papepalapo sikunali kwangozi. Che Haruna anali munthu wa mzikiti kwambiri, ndipo ankati chinthu chamoyo sajambula, wopanga zamoyo ndi Mulungu yekha. Chithunzi cha munthu sankachilola m'nyumba mwawo. Pa ukwati wa mwana wawo Fauziya anathawa kamera mpaka kukabisala kuseri kwa nyumba. Choncho atamwalira nkhope yawo sinatsale paliponse, kupatula kachithunzi ka pachitupa kaja, kamene aliyense amaoneka ngati wagwidwa ndi mbuzi yakuba.

Itatha sadaka yomaliza, mkulu wawo wa malemu, Che Abdulrazak, anabwera kuchokera ku Chiuta kudzasudzula a Lukiya, kuwamasula kuti banja latha, ali mfulu. Pobwerera ananyamula njinga, wailesi, mikanjo, chitupa, ndi pepala lija. A Lukiya anali pa edda, miyezi ija mkazi wachisilamu amakhala pakhomo mwamuna akamwalira, osapita kutali, osakangana ndi munthu. Anangoyang'ana katundu akutuluka. Pakhoma panatsala msomali ndi chizindikiro chotuwa cha kona zinayi.

"Njinga atenge, wailesi atenge," anatero a Lukiya m'mawa umenewo, atakhala pa khonde langa. "Koma lija ndi dzanja lawo, a Monica. M'nyumba monse mulibe china chimene ndingaloze n'kunena kuti ichi anapanga ndi iwo. Fakitale nayo akuigwetsa. Ndiye tsopano kwabwera mthenga ndi ogulitsa nsomba, ati alamu akunena kuti ndabisa chuma cha m'bale wawo."

"Chuma chanji? Chifuwa chija?"

"Ndikamva komweko. Edda yatha, ndingathe kuyenda. Koma ndekha sindingathe."

Ndinadandaula, ndinatchula maondo, ndinatchula msana. Kenako ndinalowa m'nyumba kukatenga chitenje.

Minibasi inadutsa pafupi ndi fakitale potuluka m'tauni. Anyamata anali padenga kuzula malata, ena akudula zitsulo ndi moto. Pamene tinkakhala ife panali mulu wa njerwa zoswekasweka. Ine mtima unandiwawa, sindibisa. A Lukiya sanayang'aneko n'komwe, anangokoka mpango wawo woyera kuphimba mbali imeneyo ya nkhope. Miyezi ya m'nyumba inali itawaonjetsa, ndipo kuwala kwa panja kunkawalasa m'maso.

Za ulendowo ndinene mwachidule, chifukwa ngakhale kuukumbuka kumanditopetsa. Pa Liwonde tinatsika n'kukwera ina, imene inadikira kudzaza mpaka thukuta linatiyenderera kumsana. Tinadutsa Ntaja thumba la munthu wina lili pamiyendo panga. Pa Nselema tinakwera njinga yamoto, amayi awiri akuluakulu kumbuyo kwa woyendetsa mmodzi, msewu wake wa fumbi ndi mabampu okhaokha. Ndinapemphera Tikuoneni Maria kangapo, a Lukiya nawo akunong'ona zawo kumbuyo kwanga. Pofika ku Chiuta tonse tinali ofiira ngati tachokera kuumba njerwa.

Anatilandira a Binti, akazi a Che Abdulrazak, mayi wochepa thupi wa manja onunkhira utsi wa nsomba. Anatiyalira mkeka pakhonde n'kutipatsa madzi. Kutsogolo kwa nyumba kunali milamba yowamba ndi matemba oyanika, ntchentche zili yakaliyakali. Nyanja yeniyeni sinkaoneka, bango lokhalokha mpaka kutali, ndi mabwato awiri atagona pamatope.

Che Abdulrazak anabwera kuchokera ku swala, mapemphero a masana a ku mzikiti. Anali wamtali ngati mng'ono wawo, koma iwowa nyanja inawaumitsa, ndipo pakamwa panali potseguka. Analonjerana ndi a Lukiya m'Chiyao, mafunso a kunyumba, a ana, a matenda, mpaka onse anatha. Ine Chiyao ndimamva cha pamsika chokha, ndiye poona kuti ndikungoyang'ana milamba, anatembenukira ku Chichewa.

"Alamu, mwachita bwino kubwera nokha. Ine sindinafune kuti nkhaniyi ipite kwa anthu."

"Yafika kale kwa anthu, alamu," anatero a Lukiya. "Ndaimva kwa ogulitsa nsomba."

Mkuluyo analowa m'nyumba, tinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi, ndipo anatuluka ndi pepala lija litakulungidwa m'pulasitiki, lomangidwa ndi ulusi wa ukonde. Analitambasula pamkeka mosamala, n'kutsindira makona ake ndi timiyala. A Lukiya anapumira m'mwamba. Dzanja lawo linanyamuka lokha, koma analibweza pa chitenje.

"Pulani iyi," anatero Che Abdulrazak, "ndi ya malo ati?"

"Pulani?" anadabwa a Lukiya.

"Musandiyese mwana. Ine ku sukulu sindinapite, koma pulani ndimaidziwa. Ndinakaonetsa mmisiri womanga nyumba pa Nselema. Anaitembenuza uku ndi uku, anati iyi ndi pulani ya zinthu zikuluzikulu, mashedi ndi masitolo. Chithunzi chimakhala ndi anthu, ichi chilibe, ndi mizere yokhayokha. M'bale wanga anagwira ntchito m'tauni moyo wake wonse, kuno osatumiza kanthu kooneka. Ndinkadabwa kuti mphamvu zake zikupita kuti. Tsopano ndaona. Ndipo apa," anagunda ndi chala pamalo ena oyera pafupi ndi m'munsi mwa pepalalo, "mmisiri anati apa mpamene sanamangepo. Puloti. Ndikufuna mundiuze kuti ili kuti. Sindikulanda, iyayi. Koma Haruna ali ndi abale."

Ine kutopa konse kwa panjira kunasanduka phwete. Ndinaseka mpaka misozi, ndikudziwa kuti n'kulakwa kuseka mwini khomo pakhomo pake. A Binti anandiyang'ana mwamantha.

"Pepani, bambo," ndinatero nditapeza mpweya. "Koma imeneyi ndi fakitale. Fakitale ya thonje, kumene ankagwira ntchito ang'ono anu. Eni ake ndi ena, ndipo pano tikunena pano akuizula malata."

"Fakitale ndinaionapo, mayi," anayankha mouma. "Ndinadutsapo pa maliro. Chumuni chake n'choongoka. Madenga ake ndi madenga. Haruna sanali wamisala kuti ajambule chinthu chopindika chonchi pamene chenicheni chili chilili. Kapena mukunena kuti m'bale wanga anali wamisala?"

Apa ndiye ndinagwidwa. Zaka zonsezi amene ankanena kuti pepalali n'lopindika ndinali ine, ndipo lero ndinayenera kuliikira kumbuyo pamaso pa munthu wokwiya. A Lukiya maso anali pansi. Akanayankha iwo, zikanamveka ngati akudziteteza. Ndinasendera pafupi, maondo akulira, n'kuwerama. Aka kanali koyamba kuliyang'ana pepalalo mofuna kuonadi. Kale ndinkangoliponyera diso popita kukakhala pampando.

"Ichi ndi chumuni," ndinayamba ndi chapafupi. "Chapendekeka, inde."

Ndinaima kaye, chifukwa ndinakumbuka. Mwezi wa Okutobala, masana, malata akatentha, mpweya wa pamwamba pa fakitale unkavina. Ukayang'ana chumuni nthawi imeneyo chinkaoneka ngati chikugwera kumsewu, mpaka ife ogulitsa tinkaseka kuti lero chitiphwanya. Ndinali nditaiwala. Che Haruna sanaiwale.

"Masana a chilimwe chimaoneka chonchi," ndinatero. "Inu munadutsa m'mawa, muli pa maliro. Sitinakhale nacho ife chumuni chimenechi? Funsani aliyense wa pageti."

Ndinapitiriza, ndipo zinthu zinayamba kutuluka zokha. Chozungulira chakuda chija chinali thanki, imene inkadontha mbali imodzi, ndipo mzere wakuda wotsika pansi pake unali ndere za pamene madzi ankayenderera. Mapaipi okhota aja anali enieni, oyamwa thonje kuchokera m'mashedi, ndipo Che Haruna anawajambula onenepa kuposa makoma chifukwa phokoso lawo linkaposa chilichonse. Unkalimva m'mano. Khoma lalitali kuposa onse linali la shedi ya mabelo, limene kunena zoona silinali lalitali chotero, koma madzulo mthunzi wake unkafika mpaka kumsewu n'kutizizira tonse. Ndiye panali timadontho toyera, mbwee pepala lonse, pamadenga, pamawaya, m'mwamba. Ine ndinkayesa kuti khala linkakana kugwira.

"Ili ndi thonje," ndinatero. "Fumbi lake. Linkauluka chonchi tsiku lonse. Tinkalichotsa pa mandasi, tinkalipeza m'tsitsi. Ndi lomweli linawalowa m'chifuwa."

Che Abdulrazak anali atasiya kundiyang'ana ine, akuyang'ana pepala.

"Nanga madengawa?" anafunsa. "Munthu ukaima pamsewu suona pamwamba pa denga."

"Suona," ndinavomera.

Ndipo pomwepo ndinazindikira chimene chinkandisokoneza zaka zonsezi. Ine fakitale ndinkaidziwa kuchokera pansi, pageti, khosi lili chagada. Pepalali silinali la pansi. Madenga ankaoneka misana yawo, thanki inali pafupi ngati ungaikhudze, geti linali kutali ndi laling'ono. M'mphepete monse mwa pepalalo munali mzere wokhuthala wakuda, umene ine ndinkauyesa chokongoletsa.

"Ili ndi zenera," ndinatero. "Kazenera ka m'mwamba, pamene ankaima iwo. Anajambula zimene ankaona ali pantchito."

Nkhuku inadutsa pafupi ndi mkeka, a Binti osaiingitsa.

"Ndiye pulotiyo?" anatero mkuluyo, koma mawu ake anali atafewa. Chala chinabwerera pamalo oyera paja. Panali patada pang'ono pakati, chifukwa chala chomwecho chinali chitagundapo kambirimbiri.

Ndinayang'anitsitsa. Malowo anali kumanzere kwa geti, pafupi ndi chipilala. Sanali a kona zinayi ngati puloti. Anali aatali pang'ono, opapatiza m'mwamba, otambasuka m'munsi, ndipo pambali pake panali kena koyera kakafupi, kozungulira. Khala linadetsa khoma, linadetsa chipilala, linadetsa nthaka, koma pofika apo linazungulira bwinobwino, osakhudza. Panalibe nkhope, panalibe dzanja, panalibe mzere uliwonse umene shehe angauloze n'kunena kuti apa wajambula munthu. Linali pepala chabe losiyidwa. Koma ine ndinakhala moyang'anana ndi malo amenewo zaka zonse za pageti, ndipo ndinkadziwa amene ankaima kumanzere kwa chipilala, atafunda mpango woyera, chidebe chili pambali.

Ndinacheuka kuyang'ana mnzanga.

"A Lukiya," ndinatero, "thobwa munkagulitsira pati?"

Anasendera, n'kuwerama. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwira pakamwa ndi nsonga ya mpango. Pepala limeneli linakhala pakhoma pawo zaka zonsezo, akulipukuta fumbi, osadziwa.

"Puloti yanu ndi imeneyo, bambo," ndinatero. "Yakhala pamkeka panu."

Ndinafufuzanso kumanja kwa geti, pamene ndinkakhala ine ndi beseni langa la mandasi. Panali bii, mthunzi wa khoma wokhawokha. Ine Che Haruna anandimiza mumdima osandimvera chisoni. Ndinafuna kudandaula, koma sinali nthawi yake.

Che Abdulrazak anachotsa timiyala tija, n'kunyamula pepalalo ndi manja awiri. Analigwira patsogolo pa nkhope yawo ngati munthu wosuzumira panja.

"Ndiye Haruna ali pati?" anafunsa.

Anayankha ndi a Lukiya, koyamba chiyambire ine kumasulira pepalalo. "Ali pamene mwaima inupo, alamu."

Mkuluyo sanatsitse pepalalo. Atayamba kulankhula, sankalankhula ndi ife kwenikweni. Anati Haruna anachoka kunyanja kuno ali mnyamata, chifukwa bwato linkamuchititsa chizungulire ndipo anzake ankamuseka. Anati iwo sanapiteko kukaona kumene mng'ono wawo ankagwira ntchito, ngakhale kamodzi, ankangoti tidzapita nsomba zikachuluka. Anati Haruna akabwera pa Idi ankakhala pakhonde pomwepa, osanena kanthu za m'tauni, ndipo iwo ankayesa kuti ndi kunyada kwa anthu olandira pamwezi.

Ine mumtima ndinati basi, yatha, titenge chathu tizipita. Ndinayamba ngakhale kufunafuna nsapato zanga. Koma Che Abdulrazak anakulunga pepala lija pang'onopang'ono, n'kulibwezera m'pulasitiki, n'kuliika pamiyendo pawo.

"Za puloti ndalakwa, alamu. Mundikhululukire, ndipo ogulitsa nsombawo ndiwauza ndekha. Njinga mukaifuna, itengeni. Wailesi itengeni." Anaika dzanja pa pulasitiki. "Koma ili likhala kuno. Inu munakhala naye zaka zonsezi. Ine ndilibe kalikonse. Awa ndi maso a m'bale wanga, ndipo chibale ndi fupa, sichiola."

Pakamwa pangapa! Pamene ankaliyesa pulani, tikanatha kuwatengera ku Balaka, kuwaonetsa kuti puloti kulibe, n'kulitaya okha pepalalo. Tsopano ndinali nditawaphunzitsa kulikonda. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze zimene ndinawononga, koma a Lukiya anandigwira bondo, lomwe lija lopweteka kwambiri, ndipo ndinakhala chete.

Anakonza mpango wawo. Analankhula motsitsa, mwaulemu, maso ali pa mkeka monga amachitira mkazi polankhula ndi alamu ake.

"Alamu, paja munabwera kwathu itatha sadaka."

"Ndinabwera."

"Munandisudzula pamaso pa anthu. Munati banja latha, ndine mfulu, kwanu kuno ndilibenso mangawa."

"Ndinatero."

"Nanga ine m'sutikesi mwanu ndikutani?"

A Binti anatulutsa kamawu, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kudzidzimuka, n'kubisa nkhope m'chitenje. Che Abdulrazak anayang'ana pulasitiki ili pamiyendo pawo ngati yayamba kutentha.

"Mwamva nokha kuti apo ndi ine," anapitiriza a Lukiya. "Miyezi yonse ya edda ine ndimati ndili m'nyumba mwanga, kusunga mwambo, osadziwa kuti ndili pansi pa bedi la alamu anga. Mwanditengera kwa mmisiri pa Nselema, mwandigunda ndi chala mpaka ndada. Pamene simunkadziwa, palibe mlandu. Koma tsopano mukudziwa. Mukapita ku swala ya madzulo, mukawafunse a shehe ngati zimenezi zimachitika."

"Koma si chithunzi," anatero mkuluyo mofooka. "Palibe nkhope."

"Ngati si ine, ndiye ndi puloti. Sankhani chimodzi, alamu."

Sindinaonepo munthu wamkulu atasowa polowera chotero. Anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana matemba. Anayang'ana ine, ndipo ine ndinali wotanganidwa ndi nsapato. Pomaliza anapumira pansi, anaseka pang'ono kuseka kopanda chimwemwe, n'kunena mawu ena m'Chiyao amene sindinawamve. Anamasula ulusi uja, natulutsanso pepalalo.

"Ndiloleni ndisuzumirenso kamodzi," anatero.

A Lukiya anagwedeza mutu kuvomera. Mkuluyo analigwira patsogolo pa nkhope yawo kachiwiri, nthawi yaitali ndithu, mpaka mikono inayamba kutsika yokha. Kenako analikulunga, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Likakhala pakhoma pomwe paja," anatero a Lukiya polandira. "Njira ya ku Balaka mukuidziwa. Mukafuna kudzaima pazenera, khomo ndi lotsegula. Musadikire kuti nsomba zichuluke."

Tinagona konko, ndipo m'mawa a Binti anatimangira milamba m'nyuzipepala. Njinga ndi wailesi a Lukiya anazisiya. Pa njinga yamoto anakhala pakati, pepala lili m'kati mwa chitenje pachifuwa, ine kumbuyo ndikulandira mabampu onse. Pofika pa Nselema ndinalumbira kuti ulendo wotsatira wautali chonchi adzandinyamula ndili m'bokosi.

Minibasi ya ku Liwonde inali yosadzaza, ndiye tinakhala kumbuyo tokha, tikudikira. Kunja anyamata ankakuwa kuitana anthu. A Lukiya anatulutsa pepala lija n'kulitambasula pang'ono, mbali ya geti yokha. Chidindo cha chala cha alamu awo chinali pomwepo, chotuwa, pakati penipeni pa malo oyera.

"Tikafika tigule buledi," ndinatero. "Ndinkaona Che Haruna akufufuta khala ndi m'kati mwa buledi. Pamenepa payera."

A Lukiya anali akuyang'anabe.

"Munthu uja," anatero patapita nthawi, "ankadutsa pageti m'mawa ngati sakundidziwa. Belu la masana likalira, anzake onse ankabwera kudzagula thobwa langa. Iye ayi, ati manyazi, anthu anganene kuti akudyera kwa mkazi. Madzulo ankatsogola, ine pambuyo ndi chidebe. Mukukumbuka?"

"Ndikukumbuka."

"Ndinkaima padzuwa paja tsiku lonse, ndikumati munthuyu kaya amadziwa n'komwe kuti ndili pano."

"Ankakuonani, anzanga," ndinatero. "Tsiku lililonse, kuchokera m'mwamba muja. Si izi mwaziona nokha?"

Ndinkayesa kuti ndikuwatonthoza. Iwo anapukusa mutu, ndipo misozi imene sanaigwetse pamkeka pa alamu awo inayamba kutsika. Anasuntha pepalalo msanga kuti ingadonthere pa khala.

"Akanangonena, a Monica," anatero. "Pakamwa anali napo."